Chubu chakufa chilibe wogula

Linali Loweruka masana mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali m'kaofesi ka kuseri kwa tchalitchi chathu ku Chawama ndikuwonkhetsa ndalama za chigwirizano cha amayi, ndiye ndinangomva phuu! ngati wina waphulitsa chibaluni, kenako ana kuseka. Sindinalabadire. Patangopita kanthawi, phuu! kachiwiri, ndipo ulendo uno kunatsatira phokoso la galasi likuyoyoka pa simenti.

Ndinawapeza m'chipinda cha Sande sukulu, chimene tsikulo chinali chosakhoma. Anyamata anayi, wamkulu mwina wa giredi 5, aliyense chubu cha magetsi m'manja, ati malupanga. Pansi panali pali mbee ndi tizidutswa ta galasi, ndipo kamng'ono kwambiri pa onsewo kanali katadzola ufa wa m'chubu kumaso, masaya onse mbuu, kakuti kasanduka mzukwa.

"Anti, tawatola padzala," anatero wamkuluyo, manja kumbuyo. "Ndi akufa kale, sayaka."

Mwanayo sananame. Machubuwo anali athu, ndipo padzalapo tinawaunjika ndife akuluakulu, masiku awiri m'mbuyomo.

Onse a mu Lusaka mukukumbukira mmene chaka cha 2024 chinatipwetekera. Mvula inakana, madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Pofika miyezi yotentha, malaiti ankatha kupita maola 21 pa tsiku. Mapemphero a madzulo tinkachita ndi matochi a m'mafoni, kwaya ikuphunzira nyimbo mumdima. Mpingo unasonkha ndalama zogulira sola ndi mabatire, koma amene anabwera kudzayeza anatiuza mosabisa kuti machubu athu akale angamalize mabatirewo usiku usanafike pakati. Chubu chimodzi cha mafiti 4 chimadya mawati 36, osawerengera zimene imadya choki yake (kabokosi kothandiza chubucho kuyaka), pamene chubu chamakono cha LED chotalika chimodzimodzi chimadya pafupifupi theka la zimenezo. Nkhani inathera pomwepo. Machubu 44 anatsitsidwa tsiku limodzi, ena akuda kunsonga chifukwa cha ukalamba, ena akadayaka bwinobwino.

Zimene zinachitika ndi katundu wotsitsidwayo ndi zimene zandichititsa kulemba nkhani ino. Ntchitoyo anaigwira bambo wina wachikulire wa mumpingo mwathu, amene wakhala akukonza za magetsi kuyambira ine ndili mtsikana. Ndinawaona atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, sikuludiraiva m'manja, akumasula chimodzichimodzi. Choki, kabokosi kolemera kaja kamene kamalira ngati njuchi chubu chikamayaka, ankaika mulu wakewake. Anatsegula imodzi kundionetsa: m'kati mwake waya wa kopa wopyapyala, wofiirira, wokulungidwa mothinana pa tizitsulo tosanjikizana. "Amayi, apa ndiye pali ndalama," anatero akuigwedeza pachikhatho ngati akuyeza nkhuku. Zitsulo zazitali zimene machubu amakhalamo zinapita mulu wina. Dzuwa lisanalowe, anyamata a sikirapu anali atafika ndi wilibala ndi kasikelo kawo, osaitanidwa ndi munthu. Makatoni akuluakulu amene munabwera ma LED atsopano anatengedwa ndi mayi wina amene amatolera makatoni m'dera lathu. Anawapondaponda, kuwamanga ndi chingwe, n'kusenza.

Chilichonse chimene chinali ndi mtengo chinadziyendera chokha. Chimene chinatsala pabwalo ndi machubu okha. Ndinafunsa mmodzi wa anyamata a sikirapu aja ngati angawatengeko, iye anangopukusa mutu: "Mami, galasi silikwera pa sikelo." Ndiye tinawanyamula n'kukawaimika padzala kuti adikire tsiku lotentha zinyalala. Pakati pa zonse zimene tinatsitsa kudenga kuja, chinthu chokhacho chokhala ndi poizoni ndi chimene chinasowa mwini.

Loweruka lija ine ndinkaopa galasi basi, kuti lingacheke ana kumapazi. Ndinali nditagwira kale tsache pamene mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira za unamwino, anaimba foni pa nkhani ina. Nditamuuza chimene chinandichedwetsa kuyankha, mawu ake anasintha. "Amayi, siyani tsache. Tulutsani ana onse, tsegulani mawindo ndi chitseko, nanunso mutuluke. Muli mercury mmenemo."

Chubu chotere sichiyaka ngati babu lakale lija la kawaya kotentha. M'kati mwake muli mpweya wochepa ndi kadontho ka mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Magetsi akadutsa, mercury amatulutsa kuwala kumene diso la munthu silikuona, ndipo ufa woyera wopakidwa m'kati mwa galasiwo ndi umene umasandutsa kuwala kumeneko kukhala kowoneka. Popanda mercury chubu sichingayake, n'chifukwa chake alimo m'chubu chilichonse chamtunduwu, chachitali kapena chija chopotana chimene timati energy saver. Mu energy saver imodzi mumakhala pafupifupi mamiligalamu 4, kochepa kongokwana pa nsonga ya bolopeni. Machubu aatali akale amakhala ndi wochulukirapo. Poyerekeza, thermometer yakale yagalasi ya kuchipatala inkakhala ndi mamiligalamu ngati 500.

Bambo wa zamagetsi uja, nditamufotokozera, anati iwo pa ntchito yawo amangochenjezana kuti ufawo usalowe pabala. Ufa anthu amauopa chifukwa amauona. Koma chubu chikasweka, mbali ina ya mercury imauluka ngati nthunzi, yopanda fungo, yopanda mtundu, ndipo munthu amaipuma osadziwa. Wina amakhala atamatirira mu ufa muja n'kumapitiriza kutuluka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Tsache limangomwaza ufawo m'chipinda chonse ndipo nalonso limatengera. Makina okoka fumbi aja ndiye oipiratu, chifukwa amaupemerera m'mwamba.

Tinakhala panja theka la ola, ngakhale alangizi a zaumoyo amati mphindi 10 zimathandiza kale. Kamnyamata kodzola ufa kaja ndinakasambitsa kumaso ndi m'manja ndi sopo pa mpopi, kakulira poganiza kuti ndikakanenera kwa amayi ake (ndinakanenadi, koma mowachenjeza, osati kuti akakakwapule). Kenako ndinalowa ndekha, manja m'mapepala apulasitiki. Ndinang'amba katoni pawiri, chidutswa china chokokolera, china cholandirira, monga tichitira powola ufa wotayika pa mphasa. Tizidutswa tating'ono tolowa m'ming'alu ya simenti ndinatitola ndi selotepi yaikulu ija yomatira makatoni, kudinda pansi, kunyamula, kudindanso. Pomaliza ndinapukuta ndi kansalu konyowa. Zonsezo, galasi, selotepi, kansalu ndi katoni yomwe, ndinaziika m'chitini cha penti chopanda kanthu n'kukhomerera chivindikiro chake ndi mwala. Mawindo anagona otsegula, ndipo mawa lake Sande sukulu inachitikira pansi pa mango. Titawerenga, pa machubu 44 aja, 6 anali ataphwanyidwa.

Sindikufuna kuopseza munthu mopitirira. Chubu chimodzi chosweka m'nyumba imene mphepo ikudutsa sichigwetsa munthu, ndipo ana anayi aja ali bwinobwino, ndimawaona Lamlungu lililonse. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuchuluka kwake ndi kusatha kwake. Mercury sawola ngati makoko a nthochi, sapsa n'kutha ngati pepala. Ukamutentha padzala amangokwera ndi utsi n'kukagwa kwina ndi mvula. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limamuika m'gulu la mankhwala 10 oopsa kwambiri pa umoyo wa anthu, chifukwa amawononga ubongo, mitsempha ndi impso, ndipo amene amavulazidwa msanga ndi ana aang'ono komanso mwana amene akadali m'mimba.

Dziko linaphunzira zimenezi mowawa ku Minamata, tawuni ya asodzi ku Japan. Fakitale ya kampani ya Chisso inkatayira m'nyanja madzi okhala ndi mercury kwa zaka zambiri. Oyamba kudwala anali amphaka odya nsomba: ankadzandira, kuzungulirazungulira, ena kugwera m'madzi. Mu 1956 madokotala analengeza za matenda achilendo mwa anthu, manja kuchita dzanzi, kulephera kuyenda ndi kulankhula, maso kuona mopanikizika. Amayi ena amene ankaoneka athanzi anabereka ana olumala ubongo. Boma la Japan linavomereza chimene chinayambitsa matendawo mu 1968, patapita zaka 12. Zoonadi, ku Minamata kunali mercury wochuluka kutalitali kuposa wa m'machubu athu, ndipo anali wa mtundu wina wotchedwa methylmercury. Koma mtundu umenewo umapangikanso wokha: mercury wamba akafika m'matope a pansi pa madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa methylmercury, kansomba kakang'ono kamadya, nsomba yaikulu imadya kansombako, ndipo pamapeto pa mzerewo pamakhala mbale ya munthu.

Tsono taganizirani pamene mzinda wathu unakhala. Pansi pa Lusaka pali miyala ya laimu yodzaza ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri, makamaka ku Kanyama, ku Misisi ndi kwathu kuno ku Chawama. Chimene wathira pamwamba sichichedwa kutsika. Mvula ikagwa yambiri, dzala, ngalande ndi chitsime zimasanduka dziwe limodzi. Za kolera sitifunika kuuzidwa. Tinaona Heroes Stadium itasanduka chipatala kumayambiriro kwa 2024. Kolera imakupeza lero, mawa uli pa diripi, ndiye aliyense amaiopa. Mercury salira belu. Amangounjikana chaka ndi chaka m'nthaka, m'madamu otsala pokumba miyala, ndi m'mapapo a amayi ndi achinyamata amene amakhalira kutola zinthu pa mtaya wa ku Chunga, kumene matumba ena amafika ataponderezedwa kale m'galimoto. Ndipo ife a ku Zambia sitifunika kupita ku Japan kuti timvetse za chitsulo chokhalitsa m'dothi. Mgodi wa mtovu ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko akupezeka ndi mtovu m'magazi.

Mababu amenewa sanabwere ngati adani. Ndikukumbukira pamene ZESCO, kampani ya magetsi, inkagawa ma energy saver posinthanitsa ndi mababu akale otentha aja, ndipo tinawalandira ndi manja awiri, chifukwa babu la mawati 15 kapena kucheperapo linkawala ngati la 60, mayunitsi n'kumakhalitsa. Inali nzeru yabwino pa nthawi yake. Koma walira mvula walira matope. Tinalandira kuwala kotchipa, matope ake ndi amene tikuwaona tsopano.

Pali pangano la mayiko lotchedwa ndi dzina la tawuni ija, Minamata Convention on Mercury, limene linakhazikitsidwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2017. Zambia ili momwemo. Chimene chimandinyaditsa n'chakuti ganizo lothetseratu mababu a mercury linachokera ku mayiko a mu Africa, amene analipereka mu 2021. Pa msonkhano wa ku Bali mu 2022 mayiko anagwirizana kuti ma energy saver a m'nyumba asiye kupangidwa ndi kugulitsidwa pakati pa mayiko pofika 2025, ndipo ku Geneva mu 2023 anawonjezera kuti machubu aatali nawonso athe pofika 2027. Imeneyi ndi nkhani yabwino, koma ili ndi mchira. Panganolo likutseka khomo lolowera. Machubu amene analowa kale ali m'madenga a masukulu, zipatala, maofesi a mu Cairo Road, mashopu a ku Kamwala ndi matchalitchi ngati chathu, ndipo onsewo atsika m'zaka zochepa zikubwerazi, ena chifukwa afa, ambiri chifukwa cha sola. Zimene zinachitika pabwalo pathu zichitika pa mabwalo ambirimbiri: choki ku sikelo, katoni pamutu, chubu padzala.

Chonsecho chubu chakufa si chinthu chopanda ntchito. Kumene kuli makina ake, amachilowetsa m'chimakina chotsekeka chimene chimakoka mpweya m'kati kuti nthunzi isatuluke, n'kuchiphwanyira mmenemo. Galasi limapita kwake kukapanganso zinthu zina, tizipewa ta aluminiyamu ta kunsonga kwake, ufa woyera kwake. Ufawo amautenthetsa m'ng'anjo yotsekeka mpaka mercury atauluka, kenako amaziziritsa nthunziyo kuti akhalenso madzimadzi n'kumutsekera m'zotengera. Mu ufa wa machubu ena mumapezekanso zitsulo zosowa monga yttrium ndi europium. Pafupifupi chubu chonse chimabwerera ku ntchito. Anzathu a ku South Africa analetsa kutaya mababu amenewa ku mitaya ya zinyalala kuyambira 2016. Vuto ndi lakuti ntchitoyi imadya ndalama zambiri kuposa zimene galasi ndi aluminiyamuyo zingabweze, ndiye pamafunika wina wolipira. Apa ndi pamene chubu chimasiyana ndi botolo lapulasitiki. Otolera a Manja Pamodzi, ntchito imene inayambitsidwa ndi Zambian Breweries, atisonyeza kuti chinthu chikangopatsidwa mtengo, ngakhale wochepa, anthu a m'komboni amachichotsa m'ngalande okha.

Malamulo oyambirapo tili nawo. ZEMA, nthambi ya boma yoona za chilengedwe imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011, ndi imene imapereka ziphaso kwa onyamula ndi osamalira zinyalala zoopsa, ndipo bungwe lililonse limene lili ndi mulu wa machubu liyenera kuyambira kumeneko pofunsa amene ali ndi chilolezo chowatenga. Mu 2018 kunabweranso Statutory Instrument No. 65, imene ambiri timangoidziwa chifukwa inaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 30. Koma mutu wake weniweni ndi wakuti wopanga kapena woitanitsa katundu asamale za katunduyo ngakhale atasanduka chinyalala. Ine maganizo anga ndi akuti mfundo imeneyi ifike pa mababu mooneka ndi maso. Shopu imene imagulitsa nyale ikhale ndi bokosi lolandirira zakufa, ndipo amene wabweza chubu chathunthu achotseredweko kangachepe pa mtengo wa LED. Si zachilendo kwa ife. Tinakula tikubweza mabotolo a zakumwa ku kantemba kuti atipatse dipoziti, ndipo palibe mwana amene ankaswa botolo lokhala ndi dipoziti. Akanakhala kuti anyamata anayi aja amadziwa kuti chubu chathunthu chili ndi ndalama, akanachinyamula ngati dzira.

Ndipo amene mukusintha nyale za pa sukulu kapena pa ofesi, nkhani ya machubu akale ilowe m'mapangano ndi wogwira ntchitoyo asanakwere makwerero. Ife tinakambirana mtengo wa waya, wa mabatire, ngakhale wa chakudya cha amisiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe mu komiti, ine ndemwe, amene anafunsa kuti zotsitsidwazo zipita kuti.

Chimene chinatipulumutsa pa machubu otsalawo ndi kanthu kamene tinatsala pang'ono kutentha. LED iliyonse inabwera m'kachikwama kake ka katoni, kakatali, kotseguka mbali zonse ziwiri. Mayi wotolera makatoni uja anatisiya timeneti chifukwa n'topepuka, sitilemera pa sikelo. Lolemba lake, ine ndi bambo wa zamagetsi uja tinakatola tizikwamato padzala, tinatikuntha fumbi, n'kulowetsamo machubu akale chimodzichimodzi. Anakwana ndendende, poti kutalika ndi kumodzi. Sitinawamange ndi selotepi pagalasi penipeni, kuopa kuti angasweke pomasula. Tinamanga tizikwamato m'mitolo ya machubu asanu ndi chingwe cha sisal. Bamboyo anakhoma mashelefu awiri m'chipinda chosungiramo mipando, pamwamba pamene mwana sangafike ndiponso pamene denga silidontha, n'kuwagoneka chopingasa. Masitata, tija tating'ono tozungulira ngati batire, tinawaika m'botolo lawolawo. Chitini cha penti chija chili pakona, ndipo ndinalembapo ndi choko kuti munthu asatsegule. Mlembi wa mpingo walemba kalata yofunsa za onyamula ovomerezeka, ndipo komiti yavomera kuti ndalama yowanyamulira ichoke m'thumba lomwelo limene munachoka ya sola.

Lamlungu lotsatira ndinapempha mphindi zisanu pa zolengeza. Ndinanyamula chubu chimodzi m'chikwama chake n'kufotokoza zimene ndalemba panozi, mwachidule. Gogo wina anaimika dzanja n'kunena kuti iwo energy saver ikafa amaiponya m'chimbudzi chokumba kuti adzukulu asaiseweretse. Ena anavomereza kuti nawonso amatero. Ndinawamvetsa, chifukwa cholinga chawo ndi kuteteza ana, koma chimbudzi cha ku Chawama ndi chitsime cha ku Chawama zimamwa madzi amodzi. Tinagwirizana kuti aliyense amene babu lotere lamufera alikulunge m'nyuzipepala, kapena alibwezere m'kabokosi ka babu latsopano limene wagula, n'kubwera nalo ku tchalitchi.

Pa shelefu paja tinayamba ndi machubu 38. Mmene ndikulemba pano afika 51, kuphatikizapo ochokera ku saluni ina ndi kwa telala wa pafupi ndi msika, ndipo ma energy saver adzaza katoni imodzi ya sopo. Sabata yatha, ndikutseka ofesi, kamnyamata kodzola ufa kaja kanabwera kakuyenda pang'onopang'ono, manja onse awiri atafumbata kanthu kokulungidwa m'sokosi yakale.

"Anti, agogo akuti ndikupatseni. Silinasweke, ndaligwira bwino."

Ndinatsegula sokosiyo. Linali babu lopotana, lakuda kutsinde, lathunthu. Ndinakatenga kiyi wa chipinda cha mipando.